Katoni ya Kuseri kwa Sitolo

Kadontho ankakonda kujambula. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa mphuno yake sinkasowa dontho la penti.

Tsiku lina aphunzitsi anati, "Tijambule zithunzi. Tidzazigulitsa Loweruka. Tigulire zofunda anthu ogona m'makhonde."

Ana anajambula m'mawa. Anajambula masana. Kadontho ankatsuka maburashi a anzake. Madzi, burashi. Madzi, burashi. Manja anatopa. Msana unatopa. Mapepala nawo anatha.

"Nanga ine ndijambula pati?" anadandaula Kadontho.

Kuseri kwa sitolo anaona katoni yaikulu. Inali yopindidwa bwino. Pamwamba pake panali mwala. Kadontho sanafunse kuti mwalawo waika ndani. Kutopa kumathawitsa nzeru.

Anaikoka katoniyo. Anafika nayo kusukulu ali wefuwefu. Anajambulapo nyumba. Denga lofiira. Chitseko chobiriwira.

Loweruka linafika. Zithunzi zinapachikidwa pachingwe ngati zochapa. Dzuwa linaswa mtengo. Anthu ankaona, n'kumapita. Ankaona, n'kumapita. Miyendo ya Kadontho inayamba kuwawa.

Kenako kunabwera bambo ena ovala chipewa chong'ambika. Maso awo anali psuu. Ankayenda pang'onopang'ono.

"Mwanangu, katoni iyi unaitenga kuti?"

"Kuseri kwa sitolo, bambo."

"Ndi pogona panga. Masiku atatu ndagona pasimenti. Nthiti zonsezi zikuwawa."

Kadontho anagwira pakamwa. Misozi inalengeza. Iye ankafuna kuwathandiza. Koma anali atawalanda pogona.

"Pepani, bambo. Itengeni."

Bambo aja anayang'ana denga. Anayang'ana chitseko.

"Iyayi," anatero. "Ndingagonere bwanji nyumba yokongola chonchi? Ndingaphwanye denga!"

Anakhala pansi kuti khwefu. "Ndatopa. Nawenso watopa. Tidikire limodzi."

Anadikira. Anadikirabe.

Mayi wina wosoka zovala anali atamva zonse. "Nyumbayi ndigula ine," anatero. "Ndikaipachika pamwamba pa makina anga."

Anthu ena anabwerera. Nawonso anagula zithunzi. Chingwe chinatsala chokha.

Aphunzitsi anagula mabulangete ambiri. Anagulanso matiresi. Kadontho ndi amayi ake ananyamula matiresiwo ndi bulangete limodzi. Anayenda, anapuma. Anayenda, anapuma. Anafika kuseri kwa sitolo.

Bambo aja anagonapo chagada. "Eee, msana wanga ukuthokoza!" anatero.

Kadontho anapinda bulangete lawo. Anatola mwala uja. Anauika pamwamba.

"Tsopano ndadziwa," anatero. "Pamene pali mwala, pali mwini wake."

Bambo aja anaseka mpaka chipewa chinagwa.

Amayi anawerama. "Kwera, mwanangu."

"Ndakula, amayi."

"Kwera basi."

Kadontho anakwera kumsana. Asanafike kunyumba, anali atagona. Dontho lobiriwira linali pamphuno.