Mankhwala Omwa Anthu Awiri

Analowa mushopu ya telala atamanga juzi m'chiuno, kubisa buluku limene linang'ambika kumbuyo. Anali dalaivala wa lole yogawa zakumwa m'magolosale.

"Achemwali, ndipulumutseni! Ndadumpha mugalimoto, buluku lakana kunditsatira."

Telala anaseka mpaka mapini amene analuma pakamwa anagwa. Anamubisa kuseri kwa katani, n'kusoka bulukulo. Pochoka, dalaivala anapempha nambala ya foni.

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo. "Kanjiwa kanga, wadya? Ine chakudya chikukana kutsika ndisanamve mawu ako." Kenako linabwera lonjezo: "Chaka chino chisanathe ndikaonekera kwa makolo ako. Ndiwe wekha, ndalumbira!"

Mtsikanayo anali asanadziwepo mwamuna wina. Akanakayikira chiyani?

Patapita miyezi, kumusi kunayamba kuyabwa. Chikazi chinasintha mtundu, chinayamba fungo. Pokodza ankaluma mlomo. Akamapalasa makina, m'chinena munkabaya ngati mwatsalira singano. Poyeza kasitomala m'chiuno ankaima patali, kuopa kuti fungolo limveka.

Kuchipatala, namwino wachikulire sanazungulire.

"Awa ndi matenda opatsirana pogonana, mwanangu. Amachizika, usaope. Koma mankhwala ake amamwa anthu awiri. Mnzakoyo abwere."

Atamuuza dalaivala, iye anaseka n'kumugwira tsaya.

"Ine kuchipatala? Palibe pakundiwawa, switi. Mwina ndi sopo ukusambirayo."

Telala analira.

"Basi, basi, pukuta misozi. Ndikagula mapiritsi kufamase ndimwe, chifukwa cha iwe."

Telala anachira. Posakhalitsa zinayambiranso. Anasintha sopo, anataya zovala zamkati zonse n'kugula zina. Anachira, zinayambiranso.

Kulira anasiya. Dalaivala akabwera kuchipinda kwake, ululu unkamudula mpweya, koma iye ankangoyang'ana mng'alu wa pakhoma mpaka zithe.

"Ukundikondabe, mtima wanga?"

"Eya."

Ankayankha ngati mmene amayankhira kasitomala wofunsa ngati diresi latha.

Ulendo wina namwino anavula magalasi. "Zikapitirira chonchi, njira za mazira zitsekeka. Udzafuna mwana osamupeza. Ukundimva?"

Anamva. Koma mawuwo anangomudutsa ngati akunenera munthu wina.

Tsiku lina m'mawa telala anali pabenchi kuchipatala kuja, kudikira kuitanidwa. Pambali pake panakhala mayi wobereka mwana kumbuyo, wokonda kucheza.

"Inunso ndi za kumusi, achemwali? Musachite manyazi, tonse pano ndi akazi. Ine ndatopa nazo! Kuchira, kuyambiranso. Bambo a mwanayu amati mwina ndi sopo."

Telala anatembenuka pang'onopang'ono.

"Amagwira ntchito yanji bambowo?"

"Amayendetsa lole ya zakumwa. Kuyendayenda, pakhomo sakhalitsa. Koma kumbali ya chikondi ndiye sindidandaula. Taonani, angonditumizira kumene."

Anamuyandikizira foni kumaso.

"Kanjiwa kanga, wafika kuchipatala? Usaope, ndili nawe mumtima."

Foni ya telala inali italira m'chikwama kanthawi kapitako. Anaitulutsa, n'kuibisa m'manja. Mawu omwewo. Ngakhale kamtima kofiira kumapeto kanali komweko.

Anadikira mkwiyo. Sunabwere. Anadikira misozi, osabweranso. Kodi munthu amayenera kumva chiyani pa nthawi ngati imeneyi? Maso ake anangokakamira pa kamalaya ka mwanayo, pamene ulusi unasosoka paphewa. Kenako anaona makutu a mwanayo. Anali kuwadziwa makutu amenewo.

"Muli ndi mwayi," anadzimva akunena.

Telala anaitanidwa. Namwino anafunsa asanadzutse mutu.

"Lero wabwera naye?"

"Ayi. Koma akazi ake ali pabenchi panjapo. Ali ndi mwana kumbuyo."

Namwino anaika cholembera pansi. 

"Akudziwa?"

"Ayi."

"Nanga iweyo uli bwanji?"

"Sindikudziwa, amayi. Ndibayeni jakisoni."

Singano inalowa, iye osaimva n'komwe.

Potuluka, khomo lopita kumsewu linali kumanja. Anaima pamenepo, paketi ya mapiritsi ili m'manja. Akanatha kungodutsa. Ndani akanamufunsa? Foni inaliranso: "Switi, anena chiyani adokotala? Ndakusowa!"

Pabenchi paja, mayi uja anali kumwetulira akuwerenga foni yake.

Telala anabwerera, n'kukhala pamalo ake aja. Anaika foni yake pamiyendo pa mayiyo.

"Mayi, musanalowe, werengani apa. Muyambire pamwamba."