Malo Amodzi mu Labotale ya a Kuramochi

Kazusa Minegishi anakumana ndi Ritsuki Hanabusa pa siteji ya basi yokwera kuphiri la yunivesite, m'mawa wina wamvula, chaka chawo chachitatu chitangoyamba. Kazusa anali atabisa buku m'jekete kuti lisanyowe, iye mwini madzi akuchucha m'tsitsi.

"Pakati pa inu ndi bukulo, wofunika ndani?" anafunsa mnyamata wina uku akumuphimba ndi ambulera.

Kazusa anangoyang'ana nsapato zake. Sankadziwa kuyankha anyamata. Kunena zoona, sankadziwa kuyankha aliyense.

"Ndinu Minegishi-san, eti? Timaphunzira limodzi kemisitili. Inu mumakhala kutsogolo, ine ndimakhala kumbuyo, dera la anthu ogona. Ndine Hanabusa. Tandionetsani chimene mukufera."

Kazusa anasolola bukulo pang'ono, dzina la wolemba n'kuonekera.

"A Kuramochi. Nanunso anakulodzani?"

Apa Kazusa anadzutsa mutu. Basi itafika anakhala mpando umodzi, ndipo mtsikana wosayankhula uja anayankhula mpaka pachipata.

Yunivesite yawo inkatchuka ndi kemisitili. A Pulofesa Udagawa ankapanga mabatire osachedwa kudzaza, a Pulofesa Shinonome ankasaka mankhwala mu tizilombo ta pansi pa nyanja, ndipo anthu ankawoloka nyanja kudzaphunzira kwa iwo. Koma kwa Kazusa onsewo ankaima kumbuyo kwa a Pulofesa Kuramochi, mayi wamfupi wa imvi amene ankabwera kuntchito pa njinga yakale yolira. Mayiyu anapanga ufa wabuluu umene kambewu kake kalikonse kali ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, timene timakola mpweya woipa wa mu utsi wa mafakitale.

Kazusa anawaona koyamba ali ku sekondale, tsiku limene yunivesite imatsegulira ana asukulu zitseko. Anakweza dzanja, koma funso linatuluka ndi mawu aang'ono kwambiri moti holo yonse inaseka. A Kuramochi sanaseke. Anatsika pa nsanja, anayenda mpaka pa mpando wake, anawerama n'kutchera khutu. Atamva anati, "Limenelo nanenso limandisowetsa mtendere. Udzabwere tidzalifufuze." Kuyambira tsikulo Kazusa sanafunenso malo ena padziko.

Nkhani imeneyi anali asanauzepo munthu. Anauza Ritsuki.

Pofika nyengo yotentha, mayina a makolo anali atasiyidwa, pamodzi ndi "-san" waulemu uja. Anali Kazu ndi Ritsu basi. Foni ya Kazusa, imene kale inkalira pokhapokha akaimba amayi ake, inayamba kunjenjemera pafupipafupi.

"Duwa langa, wadya? Kapena wadya buku?"

"Ndadya mpunga. Tamvera aphunzitsi."

"Ndingamvere bwanji khosi lako lili kutsogolo kwangaku? Mtima wanga uli ngati ufa wa a Kuramochi. Tizipinda ndi tambirimbiri, koma tonse tadzaza iwe."

Kazusa anawerenga kangapo, masaya akutentha, kenako analemba: "Ndiye ine ndine mpweya woipa?"

Kumbuyo kwa kalasi kunamveka munthu akutsamwa ndi phwete.

Ritsuki sanali wa mawu okoma okha. Anali ndi manja abwino. Mbiya zagalasi sizinkasweka m'manja mwake, ndipo ankadziwa kuti madzi atsala pang'ono kusintha mtundu ena onse asanaone kanthu. Kazusa ankakonda kumuonerera akugwira ntchito, nthabwala zitatha, nkhope ili duu. Tsiku lina Ritsuki anamuuza za kwawo, tauni ya m'mbali mwa nyanja ya machumuni ataliatali, kumene mlongo wake wamng'ono anakula ndi chifuwa cha mphumu. "Ufa uja ndikufuna ndidzauone ukugwira ntchito pa chumuni cha kwathu," anatero. Kodi munthu wotere ungaleke bwanji kumukonda?

Kenako kunagwa chipale chofewa, ndipo inakwana nthawi yoti a chaka chachitatu agawidwe m'malabotale. A pulofesa amene ukalowe kwa iwo ndi amene udzakhale nawo mpaka kumaliza, mwinanso moyo wako wonse wa ntchito. Amalikisi apamwamba amasankha poyamba. Otsala amakambirana okha. Akalephera kugwirizana, aphunzitsi salowererapo, nkhani imatha ndi janken pamaso pa kalasi yonse, monga ana amachitira polimbirana switi: awiriwo amaponya dzanja nthawi imodzi, nkhonya ndi mwala, zala ziwiri ndi sizasi, chikhatho chotambasula ndi pepala. Mwala umaswa sizasi, sizasi imadula pepala, pepala limakulunga mwala.

Kazusa ankakhoza mayeso olemba, koma malikisi ake ankagwa pa zofotokoza pamaso pa anthu. Apamwamba atasankha, kwa a Kuramochi kunatsala malo amodzi. Owafuna anali awiri, iye ndi Ritsuki.

Madzulo oti mawa lake ndi tsiku la janken, dzuwa lisanalowe, anakhala pa benchi kuseri kwa laibulale akugawana mbatata yootcha.

"Bwanji sukudya?" anafunsa Ritsuki.

"Sindikufuna kulimbana nawe."

"Ndani wanena za kulimbana? Tamvera, mtima wanga. Mawa ine ndiponya mwala. Iwe uponye pepala. Basi, nkhani yatha."

"Nanga iwe?"

"Ndipita kwa a Udagawa. Ndikupangira batire loti foni yako isamazime ndikamakunyengerera."

"Ritsu, ndikunena zenizeni. Nanga chumuni cha kwanu?"

"Chumuni sichithawa. Iwe anakuitana ndi pakamwa pawo uli mwana wa sekondale. Ine ndingakhale munthu wanji nditakulanda zimenezo?" Anamugwira chala chaching'ono ndi chake, monga amalumbirira ana. "Ndikulonjeza. Mwala."

Kazusa anakwera basi maso ali ndi misozi. Palibe munthu anali atamusiyirapo chinthu chachikulu chotere. Koma basi ikamatsika phiri, chimwemwe chija chinkasanduka katundu. Adzalowa bwanji mu labotale ija tsiku ndi tsiku akudziwa kuti wakhala pa mpando wa Ritsuki? Kazusayo ankangowakonda a Kuramochi. Ritsuki anali ndi mlongo wodwala ndiponso manja aja. Pofika kunyumba anali atatsimikiza mumtima. Ritsuki akaponya mwala, iye adzaponya sizasi. Adzagonja, ndipo adzanena kuti dzanja linangosokonezeka ndi mantha. Aliyense adzakhulupirira, poti Kazusa ndi mantha n'chimodzi.

M'mawa kunabwera uthenga. "Wadzuka, mfumukazi ya ufa wabuluu? Usaiwale. Pepala."

"Sindiiwala," anayankha.

Chipinda chinadzaza. A Nagumo, mphunzitsi wachinyamata woyang'anira kagawidweko, anaima pa bolodi akupukuta choko m'manja.

"Kwa a Kuramochi, malo amodzi. Minegishi-san, Hanabusa-san, mwalephera kugwirizana?"

"Talephera, aphunzitsi," anatero Ritsuki.

"Ndiye bwerani kutsogolo. Ulendo umodzi wokha, wogonja asadzandilirire mu ofesi."

"Banja likutha lero," wina ananong'ona mokweza, anthu n'kuseka.

Anaima moyang'anizana. Ritsuki anamwetulira pang'ono. Kazusa anamuyang'anitsitsa kuti adzakumbukire mmene nkhopeyo idzawalire akazindikira mphatso yake. Kalasi yonse inawerengera pamodzi, nkhonya zikugwedezeka.

"Janken, pon!"

Kazusa anatambasula zala ziwiri.

Anayang'ana dzanja la Ritsuki. Nalonso linali ndi zala ziwiri.

Poyamba sanamvetse. Anaganiza kuti mwina akuona dzanja lake lomwe. Mwala uja uli kuti? Kenako zinamulowa pang'onopang'ono, ngati kuzizira kolowera m'nsapato. Ritsuki ankayembekezera pepala. Ndipo chimene chimadula pepala ndi sizasi.

"Taonani okondana, mpaka zala kufanana," anatero wina kumbuyo. Chipinda chinaphulika ndi kuseka. Mwa anthu onsewo, amene ankadziwa chimene chachitika anali awiri okha, ndipo nkhope ya Ritsuki inali itayera ngati choko.

"Mwafanana. Bwerezani," anatero a Nagumo.

Panalibe nthawi yoganiza. Kalasi inayambanso kuwerengera. Dzanja la Kazusa linali litadzikunga lokha, zikhadabo zikulowa m'chikhatho, ndipo mawu omaliza atamveka linakana kutseguka. La Ritsuki linali litauma momwe linalili, zala ziwiri zomwe zija.

"Mwala waswa sizasi. Minegishi-san, kwa a Kuramochi. Upite ukawalonjere lero lomwe."

Anthu anaomba m'manja. Kazusa anawerama, anatola chikwama n'kutuluka.

Ritsuki anamupeza pa masitepe.

"Kazu, taima. Duwa langa, tandimvera."

Anaima, koma sanatembenuke.

"Sindinakonze zimenezi kuyambira kale. Dzulo ndimanena zoona, ndikulumbira. Koma m'mawa uno ndinaima pa khomo la labotale ija, ndinaona mabotolo abuluu aja, mtima n'kundipweteka. Ndinati ndidzakupepesa moyo wanga wonse."

"Uthenga uja unalemba usanaime pa khomopo, kapena utaima kale?"

Ritsuki anaweramitsa mutu. Pansi pa masitepe anthu ankadutsa akukambirana za nkhomaliro.

"Ukanangondipempha, Ritsu," anatero Kazusa, mawu ali aang'ono ngati kale. "Ndikanakupatsa."

"Nanga iweyo? Unati uponya pepala. Pepala lako linali kuti? Tonse tanama, Kazu. Tangofanana."

Apa Kazusa anatembenuka. Anamuona bwinobwino, tsitsi losapesa lija, manja abwino aja. Chomvetsa chisoni n'chakuti anali wokongolabe, ndipo mtima wake wopusa unkafunabe kuthamangira komweko.

"Eya, tonse tanama," anatero. "Ine ndanama kuti upite iwe. Nawenso wanama kuti upite iwe."

Ritsuki anatsala ataima pomwepo.

Kazusa anakwera masitepe yekha mpaka pamwamba. Pa khomo la labotale anaima kaye, anapukuta maso ndi mkono wa juzi, anapukutanso. Foni inanjenjemera m'thumba. Anaizimitsa osayang'ana, n'kugogoda.

"Lowani," anatero a Kuramochi mkatimo.