Nsalu Yakuda ya Nambewe

M'masiku a nkhondo ya Angoni, pamene anthu ankalima mkondo uli pambali pa mzere, mfumu Chitsokwe inkakhala m'linga patsinde pa phiri. Pafupi ndi chipata panali kachisakasa ka Elifala, mphunzitsi wa mawu a Mulungu, munthu amene goli la ogula akapolo linamusiyira chipsera m'khosi.

Chaka china Angoni anafika mpaka pamtsinje. Elifala anagwada pabwalo napemphera. Mvula inagwa kumapiri, mtsinje unasefukira, nkhondo inabwerera. Pamenepo mfumu inasonkhanitsa nduna zake.

"Mulungu wa mlendoyu watiombola," inatero. "Timuthokoze ndi chiyani?"

Kamphanje, mkulu wa nduna, anayankha kuti, "Makolo athu sankapita kukachisi chimanjamanja. Ankapereka mbuzi yakuda ndi mkazi woti akhale wa mzimu, osadzaonanso kwawo. Kodi ameneyu timupatse zochepera apo?"

Anasankha Nambewe, mkazi amene anyamata a Chitsokwe anamugwira kudimba la mudzi wa kuseri kwa phiri masiku omwewo, atasiya khanda lake kwa amayi ake. Anamumeta mpala, namuveka nsalu yakuda. Iye sanalire. Mabere anali atauma gwa ngati miyala, ndipo mtima wake unali pa funso limodzi: kamwana kanga akukamwetsa chiyani?

Atamuimika pamaso pa Elifala, mfumu inati, "Aphunzitsi, nayu mkazi wa Mulungu wanu, nayi mbuzi. Mukamuuze kuti Chitsokwe si mfumu youmira."

Nambewe anaona maso a mphunzitsiyo ataima pachifuwa pake, pamene mkaka unali utanyowetsa nsalu.

"Mayi, mwana ali kuti?"

"Kuseri kwa phiri, bambo. Sanayambe n'phala lomwe."

Elifala anatembenukira kwa mfumu. "Mwamupereka ndithu? Simudzamulandanso?"

"Chitsokwe sameza malovu amene walavula."

"Zikomo, mfumu. Mtima wothokoza muli nawo, ndipo Mulungu wauona. Koma Iye sakwatira, mbuzinso zonse za m'dziko ndi zake kale. Ine ndinavalapo goli, ndikudziwa kuti kulira kwa womangidwa kumafika kwa Iye msanga kuposa ng'oma. Anakupulumutsani kuti ana anu asagone opanda amawo. Ngati mukufuna kumupembedza, chitirani mnzanu zomwezo. Mkaziyu tsopano ndi wa Mulungu, ndipo Mwini wake akumutumiza kwa mwana wake."

Kamphanje anaseka. "Mulungu wolandira m'mawa n'kubweza masana? Bola akanasiya mbuziyo tidye."

Bwalo linaseka, koma mfumu sinaseke nawo. Kenaka inati, "Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Dzana tikanamangidwa ndife. Apite. Mphwanga, wodzalowa ufumu wanga, amuperekeze wopanda mkondo, mbuziyo ikhale chipepeso."

Unali ulendo woopsa, pakuti abale a Nambewe anali atanola kale mivi. Koma ataona mlongo wawo akutsogola, mphwake wa mfumu akukoka mbuzi pambuyo, anatsitsa mauta.

Khandalo anakalipeza litaonda, khosi lili lende, likuyamwa chala cha agogo ake choviika m'madzi a phala. Litaona mutu wometa linakuwa n'kutembenuka. Nambewe analifungatira m'nsalu yakuda ija, ndipo litamva fungo la mkaka linaleka kulira, n'kugwira bere ndi manja onse awiri.

"Mwandikumbukira, Ambuye," ananong'ona. Linali pemphero lake loyamba.

Kamwana kaja kanakula n'kukhala tsinde la mbumba yaikulu, ndipo midzi iwiriyo sinaponyeranenso muvi. Nsaluyo inabereka ana a m'banjamo mpaka inatha. Kufikira lero, wa mbumba imeneyo akamapita kukathokoza Mulungu, amayi ake amamuimitsa pakhomo n'kumufunsa kuti, "Kodi palibe amene wamusiya womangidwa?"