Kolona ya Amayi a Faustino

Luckson analakwira a Faustino tsiku la msika pa Chonde, mvula yoyamba itangogwa, anthu akuona.

Luckson anali makaniko wa njinga zamoto, ndipo a Faustino ankasoka nsapato pakhonde loyandikana ndi galaja yake. Sabata imeneyo Luckson anali atagula makina otsukira makabuleta a m'mainjini a njingazo: kabeseni kachitsulo koyendera magetsi. Akathiramo madzi ndi sopo, makinawo ankalira n'kumanjenjemeretsa madzi mofulumira kwakuti diso silingaone konse. M'madzimo munkabadwa timathovu tosaoneka, n'kumaphulikira pachitsulo, litsiro n'kumayoyoka ngakhale m'timabowo mosalowa waya.

Anyamata a kabaza ankakayika. Luckson anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kolona ili pabenchi la a Faustino.

"Madala, bwerekeni ichi, anthu aone zodabwitsa!"

"Iwe, bweza!" anakuwa a Faustino.

Koma kolona inali itamira kale. Inali ya amayi awo, chinthu chokhacho chimene a Faustino anawoloka nacho malire pa Muloza pothawa nkhondo. Mikanda yake yamtengo inada ndi zala za mayiyo popemphera. Makina analira ngati njuchi, madzi anachita bii. Poivuula, ulusi unaduka, mikanda ili mbuu, ina itang'aluka.

"Yayera bwanji!" anaseka Luckson. "Musadandaule, madala, linali litsiro lokhalokha."

"Wachotsa zala za amayi anga," anatero a Faustino motsitsa mawu.

Palibe amene anawamva. Anatola mikanda m'matope n'kuika m'kachitini ka polishi. Kuyambira tsikulo, makina akalira, mtima wawo unkawira.

Tsiku lina masana Luckson anasiya makina akulira n'kupita kukagula tchipisi pachiwaya. A Faustino analowa m'galaja, anatenga botolo la asidi wa m'batire n'kukhuthulira m'kabeseni. Sanasuzumire n'komwe zimene zinali m'madzimo. Anabwerera pabenchi akuimba kanyimbo.

Dzuwa litapendeka, mwana wawo Sungani, wa kabaza, anafika akukankha njinga yake yamoto, thukuta lili kamukamu.

"Ababa, taonani!" Anawaonetsa kabuleta yodyekadyeka ngati chinangwa chofumbwa. "Ndinaisiya kwa Luckson mmawa. Akuti inali yotha kale, sizikumukhudza. Mawa amayi ndiwatengera pa chiyani kuchipatala?"

A Faustino anaitembenuza m'manja. Kuseri kwa khoma Luckson anali atataya madzi aja, watsukuluza kabeseni, wathiramo ena. Makina anayambanso kulira ngati palibe chachitika.

Kutacha, a Faustino anakweza akazi awo pa njinga yakapalasa yobwereka n'kuikankha mpaka kuchipatala, kachitini kakugogoda m'thumba njira yonse.

Luckson sanapepese mpaka lero.