Thukuta la Edite

Moatize si malo a munthu wobadwira kumapiri. Tsiku limene Edite anatsika shapa, minibasi ya kumeneko, koyamba m'tauniyo, ali ndi thumba la mbatatesi za m'munda mwa mayi ake ku Zóbuè, anaona ngati wina wamutsekera mu uvuni. Dzuwa linali paliwombo, fumbi la malasha likumata pakhungu, thukuta lili kamukamu.

"Mana, mukasungunuka pano, mbatatesizo ndigula kwa yani?"

Edite anacheuka. Anali mnyamata wamtali, wovala malaya a kumgodi, kudzanja lina botolo la madzi ozizira, kwinako mpango woyera.

"Muzigula kwa amene anakutumani kudzandiseka," anayankha Edite.

"Sindikuseka ine. Ndine Silvino, ndimayendetsa galimoto zonyamula malasha. Landirani mpangowu. Nkhope ngati yanuyo siyofunika kuvutika chonchi."

Pakamwa pa mnyamatayo panali pothira shuga, ndipo Edite anadziwa. Koma kudziwa n'kwina, kuthawa n'kwina! Analandira mpango, analandira madzi, ndipo pofika madzulo nambala yake inali itasamukira kale m'foni ya Silvino.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula ya ku Zóbuè. "Duwa langa la kumapiri, wadzuka bwanji?" "Amori wanga, lero ndaphonya njira ya kusikelo chifukwa choganiza za iwe." Tsiku la ukwati wawo kutchalitchi, anthu akuvina panja, Silvino anatulutsa mpango womwe uja n'kumunong'oneza: "Thukuta lako lonse, mpaka kukalamba, wopukuta ndidzakhala ine. Wina sindidzamuyang'ana."

Kodi mtsikana wake uti amene sakanakhulupirira?

Mimba itakula, Edite anabwerera ku Zóbuè kukachirira kwa makolo, monga amachitira ambiri pa mwana woyamba. Kunabadwa mwana wamkazi, Vitória. Silvino anabwera ndi nsalu zatsopano za kapulana, anamunyamula mwanayo manja akunjenjemera, n'kubwerera ku ntchito. Asananyamuke, azakhali ake a Edite, a Benvinda, anamukokera kuseri kwa nyumba.

"Akamwini, mwambo mukuudziwa. Mpaka tidzakuuzeni kuti nthawi yotenga mwana yakwana, thupi lanu likhale lozizira. Mukakayenda ndi mkazi wina kumeneko, mutsempha mwanayu ndi mayi ake omwe."

"Azakhali, ine? Ndife anthu opemphera," anatero Silvino akuseka.

Mavuto anayamba Edite atangotuluka chikuta. Inali nyengo yachisanu, pamene ku Zóbuè anthu amagona ndi mabulangete awiri, m'mawa mame ali mbuu. Koma iye ankadzuka atanyowa ngati wagwa mumtsinje. Tsitsi chonyowa, malaya chonyowa, mtsamiro wochita kufinya. Masana nawo, ali chikhalire kuyamwitsa, moto unkabuka pachifuwa, kukwera m'khosi mpaka kumaso, mtima n'kumagunda ngati wathamanga. Pakapita kanthawi motowo unkazima, iye n'kuyamba kunjenjemera ndi chisanu.

Poyamba anabisa. Ankalawirira kuchapa zofunda anthu asanadzuke. Koma chingwe choyanikira sichisunga chinsinsi, ndipo maso a azakhali sankaphonya kanthu.

"Iwe Edite, mwana ndiye akukodzera zofunda zonsezi tsiku ndi tsiku?"

Edite anaweramitsa mutu, n'kuulula zonse.

A Benvinda anaomba m'manja kamodzi. "Mayo ine! Thukuta m'chisanu chino? Mwana wanga, limeneli ndi tsempho. Umu ndi mmene limayambira. Mawa uyamba kutsokomola, kenako miyendo kutupa. Mwamuna wako wakudula!"

"Ayi, azakhali! Silvino sangatero."

"Sangatero? Amuna a kumgodi? Chikomekome cha mkuyu, mwana iwe, m'kati muli nyerere."

Sanadikire n'komwe. Anatenga foni ya Edite, kuimbira Silvino, n'kumulalatira mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. "Mkazi wanu akutha kuno! Akafa, maliro ake mudzasenza nokha!"

Kuyambira tsiku limenelo Edite sanaonenso mtendere. Moto uja ukabuka, ankaona nkhope ya mkazi wosamudziwa ikumuseka. Ankamuyang'ana Vitória ali m'tulo, kumugwira timiyendo kuti aone ngati tatupa. Anali ndi mantha, komanso anali ndi mkwiyo umene sankadziwa poutula. Kodi mwamuna amene anamupatsa mpango wopukutira thukuta pa siteji angakhale yemweyo womukumbira manda?

Tsiku lina analemba uthenga: "Bambo a Vitória, ngati mwandilakwira nenani. Ndisafe n'kusiya mwana wakhanda."

Yankho linabwera msanga. "Duwa langa, ndikulumbira pali Mulungu, pali mwana wathu. Ndilibe wina. Ukundipweteka mtima."

Zitatero mauthenga a Silvino anayamba kufupika, mwina tsiku n'kudutsa osalemba. Edite anati mumtima: ndamukhumudwitsa munthu wosalakwa. Kapena ndiye kulakwako? Mutu unaima.

Tsiku la sikelo ya mwana litafika, anapita kuchipatala yekha. Namwino wake, a Dália, mayi wonenepa wokonda nthabwala, anamuyeza Vitória n'kunena kuti akukula bwino. Kenako anamuyang'anitsitsa Edite.

"Nanga mayi ake bwanji maso alowa chonchi? Simukugona?"

Edite anayesa kuyankha, koma misozi ndiyo inatsogola. Anafotokoza za thukuta, za moto wa pachifuwa, za tsempho.

A Dália sanaseke. Anamuyeza kutentha kwa thupi, anamufunsa ngati akutsokomola, ngati m'mimba mukupweteka, ngati mabere atupa. Anamutenga magazi, n'kumuuza kuti adikire pabenchi. Atamuitananso, anamugwira dzanja.

"Mulibe malungo, mulibe kachilombo, chifuwa chanu chili bwino. Mayi a Vitória, simukudwala."

"Nanga thukutali?"

"Mverani. Muli ndi pakati, thupi linasunga madzi ambiri, tsopano likuwataya. Komanso muli timadzi tina m'thupi mwa mkazi timene timachuluka nthawi ya mimba. Mwana akabadwa timatsika mwadzidzidzi, ndiye thupi limasokonezeka, kumaona ngati kwatentha pamene kukuzizira. Poyamwitsa zimatha kupitirira pang'ono. Ineyo pa mwana wanga wachiwiri ndinkafinya kapulana ngati ndachokera kudambo!"

"Ndiye kuti si amuna anga?"

"Za amuna anu ine sindingazidziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti thukuta ili silichokera ku Moatize, likuchokera m'thupi mwanu momwemu, ndipo lidzatha lokha. Muzimwa madzi ambiri, muzigona ndi zovala zopepuka. Mukamva thupi kutentha kosaleka, kapena mukayamba kutsokomola ndi kuonda, mubwere msanga."

Edite anangomva mbali imodzi yokha: Silvino ndi wosalakwa! Anatuluka m'chipatala akuseka yekha ngati wopenga. Kenako manyazi anamugwira. Mwamuna wake akutuwa ndi fumbi kumgodi chifukwa cha iye ndi mwana, iye n'kumamunamizira chigololo! Ayi, zoterezi sapepesa pafoni.

"Ukupita kuti ndi mwana wakhanda?" anafunsa a Benvinda m'mawa mwake, ataona chikwama.

"Kukagwada kwa mwamuna wanga, azakhali. Munamutukwana popanda chifukwa."

Ulendo wonse wotsika mapiri, Vitória ali pamiyendo, Edite ankayeseza mawu. Ndidzati, "Moyo wanga, ndikhululukire." Ayi, ndidzayamba ndamupsompsona kaye. Anamugulira ngakhale mapeyala pamsewu, amene Silvino ankawakonda. Linali tsiku lake lopuma, ndipo Edite sanamuuze kuti akubwera.

Anapeza chitseko cha nyumba yawo ya lendi chili chotsekula. Silvino anali chogwada pansi, akulonga zovala m'chikwama. Patebulo panali kamtolo ka mizu komanga ndi luzi, pambali pake kapepala ka mchere.

"Odi kuno, bambo a Vitória!"

Silvino anadzidzimuka. Ndipo ngati dala, nthawi yomweyo moto uja unabuka. Kuphatikiza ndi kutentha kwa Moatize, thukuta linatsika pankhope pa Edite ngati wathiridwa madzi, bulauzi yonse n'kumata pathupi. Anatsamira chitseko kuti apume, mawu onse anayeseza aja atathawa.

Silvino anamuyang'ana, maso ali tong'o. Kenako anakwawa ndi maondo n'kumugwira miyendo.

"Edite! Ndakupha ine! Ndakupha ndi manja anga!"

"Bambo a Vitória, dikirani, ine ndabwera kuti..."

"Usalankhule, duwa langa, ndikudziwa. Azakhali ananena zoona. Chiimbireni foni ija sindigona. Ndinapita kwa sing'anga ku Benga, wandipatsa mizu iyi. Akuti ndikuthirire m'phala ndi dzanja langa, pamodzi ndi mcherewu, ndipo nditchule dzina la mkaziyo pamaso pako, apo ayi mankhwala sagwira. Ndimanyamuka lero lomwe kubwera ku Zóbuè."

Jumbo ya mapeyala inagwa pansi. Limodzi linagubuduka mpaka kunsi kwa tebulo.

"Dzina la ndani?" Mawu a Edite anatuluka ang'onoang'ono.

"Lizete. Amagulitsa zakumwa pa baraka ya pafupi ndi geti la kumgodi. Sindimukonda, ndikulumbira! Unali kutali, ine ndekhandekha m'nyumba muno..."

"Munalumbira kale. Pali Mulungu, pali mwana wathu." Edite anamuyang'ana m'maso. "Munayamba liti?"

Silvino anayang'ana pansi.

"Ndati munayamba liti?"

"Utangopita kukachira."

Kalanga ine! Ndiye kuti tsiku lija ankanjenjemera ndi mwana m'manja, tsiku lija ankaseka kuti ndife anthu opemphera, anali atachokera kwa Lizete? Edite anamva kuwawa kumene sanakumvepo, kuposa kwa pobereka. Vitória anayamba kulira kumsana, iye n'kumamugwedeza mosadziwa.

"Silvino," anamuitana ndi dzina lake kwa nthawi yoyamba chibadwire mwana, "ukudziwa chimene ndadzera? Dzulo ndinali kuchipatala. Andiyeza zonse. Sindikudwala. Thukutali ndi la uchembere, limagwira amayi ambiri, ndipo lidzatha lokha. Palibe tsempho. Ine ndinabwera kudzakugwadira, kudzapepesa kuti ndinakuganizira zoipa."

Panja galimoto ya malasha inadutsa, mawindo n'kunjenjemera.

Edite anamuyang'anitsitsa mwamuna wake. Mtima wake wopusawo unali ukudikirabe kanthu kamodzi: kuti aone chimwemwe pankhopepo, kuti amve akuti, "Zikomo Mulungu, mkazi wanga safa!" Mwina akanatero, bwenzi nkhani ino itatha mwina.

Koma Silvino anatembenukira ku mizu ija patebulo, n'kugwira pakamwa.

"Ndiye kuti... ndikanapanda kuulula, sukanadziwa?"

Anazindikira mochedwa chimene wanena. Anadzuka msangamsanga, napisa m'thumba, natulutsa mpango. "Amori wanga, sindimatanthauza choncho. Taona mmene wanyowera. Bwera ndikupukute."

Edite anabwerera m'mbuyo. Anakoka nsonga ya kapulana imene anaberekera mwana, napukuta pamphumi, m'khosi, ndi m'maso momwe.

"Usavutike. Masabata onsewa ndakhala ndikudzipukuta ndekha, ndazolowera."

"Edite, chonde! Nanga mankhwalawa?"

"Umwe wekha. Wodwala m'nyumba muno ndiwe."

Anatola chikwama chake, mapeyala anawasiya pomwepo. Silvino anamutsatira mpaka pa siteji paja anakumanirana, akuitana mayina onse okoma amene anali nawo, koma Edite sanacheuke. Shapa ya ku Zóbuè inali itatsala malo a munthu mmodzi.

Akukwera mapiri, mphepo yozizira inayamba kulowa pawindo. Foni inalira m'chikwama, inaliranso, iye osaigwira. Mayi wina wachikulire amene anakhala naye pafupi anamuyang'ana nkhope yonyowayo, n'kumumvera chisoni.

"Pepani, mwana wanga. Ndi thukuta la uchembere limenelo, nanenso linandivuta. Limatha."

"Inde, mayi, anandiuza kuchipatala," anayankha Edite, akumukumbatira Vitória pachifuwa. "Koma ili si thukuta."