Fenna ndi Masandasi a Ababa

Fenna anali mtsikana wa m'tauni ya Zwolle. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna bambo ake akhale ake yekha.

Kale zinali choncho. M'nyumba munali Fenna ndi bambo ake, a Joost. Awiri basi.

Koma bambo anakwatira a Marit. A Marit anabwera ndi mwana wawo, dzina lake Timo. Timo ankakhala pafupi ndi bambo patebulo. Timo ankakwera panjinga ya bambo. Timo apa, Timo apo. Fenna sankakondwa.

Chilimwe chinafika. Dzuwa linawomba, linawombanso. Kunatentha kwambiri.

Bambo ankagwira ntchito yosamalira maluwa m'paki. Ankavala jombo zolemera. Tsiku lina anabwera kunyumba akutsimphina. Anavula jombo zija.

"Mayo, mapazi anga!" anatero bambo.

Mapazi anali atatupa. Pachidendene panali thuza lalikulu.

Fenna anada nkhawa. Mawa lake linali tsiku la ulendo wa sukulu. Ana onse amayenda pansi mpaka kunja kwa tauni. Amayenda akuimba. Mwana aliyense amayenda ndi kholo lake.

"Ababa, muyenda nane mawa?" anafunsa Fenna.

"Ndi jombo izi sindingathe, mwanangu," anatero bambo. "Tiyeni tikafune nsapato zina."

"Nanenso ndipita!" anatero Timo.

Fenna anatupitsa masaya.

Anakwera njinga. Anawoloka mlatho. Anafika kusitolo ya nsapato ya Mayi Dekker.

"Ababa, ndikusankhirani ine!" anatero Fenna.

Anathamanga. Anatenga nsapato zofiira. Zinali zonyezimira. Zinali zosongoka kutsogolo. Zinali zokongola kuposa zonse.

Bambo anavala. Anayenda pang'ono. Nkhope yawo inachita makwinya.

"Ndi zokongola, Fenna," anatero. "Koma zala zanga zikulira. Zathina."

Fenna anathamanganso. Anatenga nsapato zakuda zapulasitiki.

Mayi Dekker anapukusa mutu. "Izo ayi, mwana wanga. Mphepo silowamo. Phazi lichita thukuta."

Fenna anathamanganso. Anatenga mapatapata achikasu.

Bambo anavala. Phwa! Phwa! Phwa! Patapata imodzi inavuka. Inakagwera kukhomo.

Onse anaseka. Fenna yekha sanaseke.

Kenako Timo anabwera pang'onopang'ono. Ananyamula masandasi akhofi. Anali ndi malamba. Sanali onyezimira. Sanali okongola n'komwe.

Bambo anavala. Anamanga malamba. Anayenda uku. Anayenda uko. Anagwedeza zala.

"Aaa!" anatero bambo. "Ndi opepuka. Ndi ofewa. Thuza sakulikhudza. Mphepo ikulowa ponseponse!"

"Mnyamatayu wasankha bwino," anatero Mayi Dekker.

Bambo anasisita mutu wa Timo. "Timo, iwe uli ndi maso!"

Timo anasangalala. "Zikomo, Ababa!" anatero.

Ababa?

Fenna anatembenukira kwa Timo. Anamva kutentha kumaso.

"Si bambo ako!" anakuwa. "Ndi bambo anga!"



Onse anabwerera kunyumba. Anadya chakudya chamadzulo. Masandasi anali pakhomo. Fenna anawayang'ana. Anawayang'ananso. Anadana nawo.

Bambo anapita kukasamba. A Marit ndi Timo ankathirira maluwa panja. Fenna anatsala yekha.

Ananyamula sandasi imodzi. Anapita kukhitchini. Anatsegula firiji, mbali youmitsa madzi. Anaika sandasi kuseri kwa nsawawa. Anatseka. Phu!

"Tione tsopano," anatero chamumtima.

Kunacha. Dzuwa linawombanso. Nthawi ya ulendo inayandikira.

"Sandasi yanga ina ili kuti?" anafunsa bambo.

Anafuna pansi pa mpando. Sanaipeze. Anafuna pansi pa bedi. Sanaipeze. Anafuna m'dengu la njinga. Sanaipeze.

"Timo, dzulo umaseweretsa masandasi aja," anatero a Marit. "Waisiya kuti?"

"Ndinaibweza, Amayi!" anatero Timo. "Ndithu ndinaibweza!"

Fenna anayang'ana pansi.

Bambo anayesa kuvala jombo. Phazi linalowa pang'ono. "Mayo!" anatero. Anazivula.

"Pepani, ana anga," anatero bambo. "Lero sindiyenda. Mupita ndi Amayi."

Fenna anadzidzimuka. Izi si zimene ankafuna ayi!

Timo anathawira pamasitepe. Anakhala pansi. Anayamba kulira.

Fenna anamutsatira. Anaima chapatali.

"Ukulira chiyani?" anafunsa. "Amayi ako alipo."

Timo anapukuta mphuno. "Chaka chatha ndinayenda ndi Amayi. Chaka chinacho ndi Amayi. Anzanga anali ndi abambo awo. Ine ayi."

Fenna anasendera pafupi.

"Iwe uli ndi mwayi," anatero Timo. "Ababa amadziwa nyimbo imene umaikonda. Amakumanga tsitsi. Zithunzi zonse zapakhoma ndi zako. Ine ndimachita nawe nsanje."

Fenna anadabwa. "Iwe? Nsanje ndi ine?"

"Ee," anatero Timo.

Fenna anamuyang'ana Timo. Maso a Timo anali ofiira. Mawondo ake anali ndi fumbi. Ankaoneka wamng'ono kwambiri.

Fenna anapita kukhitchini. Anatsegula firiji. Anasuntha nsawawa. Anatulutsa sandasi ija. Inali yoyera mbuu ndi madzi oundana. Inali youma gwa!

Anapita nayo kwa bambo.

"Ababa, ndine," anatero ndi mawu aang'ono. "Ndinaibisa ndine. Timo sanalakwe."

Bambo anayang'ana sandasi. Anayang'ana Fenna. Sanakalipe. Anamunyamula n'kumukhazika pamwendo.

"Chifukwa chiyani, mwanangu?"

"Munati Timo ali ndi maso," anatero Fenna. Misozi inagwa. "Nsapato zanga munazikana zonse. Ndimaganiza kuti mwasankha iyeyo."

"Ndinasankha nsapato," anatero bambo. "Sindinasankhe mwana. Mwana sayesedwa ngati nsapato. Ndiwe wanga dzulo, lero ndi mawa."

Fenna anabisa nkhope pachifuwa cha bambo. Analira pang'ono. Kenako anatsika.

Anapita kwa Timo. "Pepa, Timo," anatero.

"Chabwino," anatero Timo.

A Marit nawonso anagwada. "Nanenso pepa, Timo. Ndinakunamizira."

Bambo anatenga sandasi ija. Anaiponda.

"Yoooo!" anakuwa. Anadumpha ndi mwendo umodzi. "Kuzizira!"

Anaima. Anapondanso. Anatsinzina.

"Aaa, koma kukoma!" anatero. "Phazi ili lili m'chisanu. Ili lili m'chilimwe. Fenna, inayi bwanji sunaiikemo?"

Timo anayamba kuseka. A Marit anaseka. Fenna anayesa kudzigwira. Analephera. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Fulumirani, tichedwa!" anatero a Marit.

Fenna anamanga malamba a phazi lamanzere. Timo anamanga malamba a phazi lamanja. Onse anatuluka.

Panjira panali ana ambirimbiri. Ng'oma zinalira. Ana anaimba. Anadutsa m'mbali mwa ngalande. Anadutsa ng'ombe zikudya msipu. Kunatentha, kunatentha. Koma bambo sanatsimphine. Anayenda, anayenda, anayendabe.

Mnzake wa Fenna, dzina lake Lieke, anabwera akuthamanga. Analoza Timo.

"Fenna, uyu ndani?" anafunsa.

Timo anayang'ana pansi. Anadikira.

Fenna anaganiza pang'ono. Nsanje inabweranso, koma pang'ono chabe.

"Ndi Timo," anatero. "Ndi mchimwene wanga."

Timo anamwetulira. Mano onse anaonekera.

Atafika kumapeto, anthu anawomba m'manja. Ana analandira maluwa ndi maswiti. A Marit anagula ayisikilimu anayi. Banja lonse linakhala pa udzu, pansi pa mtengo.

Ayisikilimu wa Timo anasungunuka. Anadonthera pachala chachikulu cha bambo. Dontho!

"Ababa, taonani chala chanu!" anatero Fenna ndi Timo, onse pamodzi.

Bambo anagwedeza chala chija. Kenako anawakumbatira onse awiri, mwamphamvu.