Ndodo ya Aslak pa Mlatho wa Kvernli

Gunvor anatseka bekale, sitolo ya buledi imene ankagwiramo ntchito, mochedwa tsiku limenelo, mtima uli m'mwamba. Kuyambira m'mawa wailesi inkangobwereza kuti usiku kuomba mphepo yofunda pamwamba pa mapiri, sinowo ifewa, ndipo msewu wokwera m'chigwa cha Kvernli utsekedwa poopa chigumukire. Basi yomaliza sinabwere n'komwe.

"Kagone kwathu, iwe," anatero Ragna, mnzake wa kuntchito. "Bedi lilipo, ungopirira mkonono wanga basi."

"Nanga ababa? Mankhwala awo a mtima ali m'chikwama muno, otsala aja amaliza m'mawa. Azanyengowa ntchito yawo n'kutiopseza. Taona kumwambaku, kuli mbee!"

Ragna anachonderera mpaka kutopa, koma Gunvor anali wamakani chibadwire. Anawerama n'kudutsa pansi pa chitsulo chotsekera msewu, uyo, wapansi.

Poyamba ulendo unali bwino. Sinowo inkalira pansi pa nsapato zake monga imachitira kukazizira kwambiri. Atapitirira nyumba zomaliza, inasiya kulira. Inayamba kumata. Kamphepo kofunda kanamukhudza patsaya, ndipo atafika pa tchalitchi chakale cha pafupi ndi manda anamva madzi akudontha padenga. Tho... tho... tho... Pakati pa dzinja, usiku!

Pa mlatho panali munthu.

Anali bambo wamtali, wovala chijasi chachikale, atagwira ndodo yaitali yoyezera sinowo yokhala ndi mizere yofiira. Kumutu kwa ndodoyo anamangako kansalu kobiriwira.

"Madenga akudontha," anatero bamboyo osapereka n'komwe moni. "Phiri likufuna kutsokomola."

"Pepani bambo, ndathamanga. Kunyumba kuli matenda."

"Tandigwirirako ndodoyi, mwana wa a Halvard. Usaisiye mpaka phirilo litatsokomola. Likatero, udzere njira yakale ya kuseri kwa manda."

Dzina la bambo ake analidziwa bwanji? Asanafunse, ndodo inali kale m'manja mwake. Inali yozizira koopsa, mpaka kulowerera m'magolovesi. Bamboyo anagwada, n'kuyamba kufukula sinowo ndi manja opanda kanthu, akumainunkhiza.

Apa m'pamene Gunvor anayang'anitsitsa. Mpweya wake unkafuka ngati utsi. Wa bamboyo, ayi. Anayang'ana pansi. M'sinowo ya pa mlathopo munkaoneka mapazi a Gunvor yekha, a bamboyo munalibe.

Mayo ine! Tsitsi linamuimirira. Anafuna kutaya ndodo. Zala zinakana. Anafuna kuthawa. Miyendo inakana. Patsogolo pake msewu unali phee, wosalala, ukumuyembekezera...

Kenako phiri linalira. Guuu! Mlatho unanjenjemera. Sinowo, miyala ndi mitengo yathunthu zinatsika pamodzi mumdimamo, n'kukwirira msewu wonse pamalo enieni pamene iye akanakhala atafika. Chimphepo chake chinamugwetsa chagada.

Podzuka, panalibe munthu. Ndodo yokha.

Anadzera kuseri kwa manda monga anauzidwira, akupondera ndodo yomweyo, misozi ili chuchuchu. Atafika anapeza a Halvard ali pakhomo ndi nyali, poti chigumukirecho anachimva ali m'nyumba.

"Mwana wosamva iwe! Wailesi sunaimve? Ndimati ndakutaya!"

Anamukumbatira, akumukalipira ndi kulira nthawi imodzi. Gunvor anawapatsa mankhwala, anamwa, n'kukhala pafupi ndi mbaula. Ndiyeno maso awo anagwera pa ndodo ija.

"Waitenga kuti imeneyo?"

Gunvor anafotokoza zonse. Mkuluyo anasisita kansalu kobiriwira kaja.

"Ndodo ya Aslak iyi. Ndiye ankayeza sinowo m'chigwa muno n'kumaimbira foni azanyengo, ndiponso ndiye ankatseka msewu. Tinkamuseka, ena mpaka kumutukwana akawachedwetsa ulendo. Tinam'patsa dzina loti Chitseko. Chaka chimene unayamba sukulu, mphepo yofunda inabwera msanga kuposa mmene ankayembekezera. Anathamanga n'kukaimitsa basi ya ana pa mlatho womwe uja. Basi inabwerera. Iye anapita patsogolo kukaona ngati kukubwera galimoto ina, phiri n'kumugwera. Thupi lake tinalipeza sinowo itasungunuka, koma ndodoyi sitinaipeze."

Anakweza maso n'kuyang'ana mwana wawo.

"Iwe unali m'basimo, Gunvor, pampando wakutsogolo, utavala kampango kobiriwira. Unabwera kunyumba ukulira kuti kauluka pawindo. Aka n'kachiwiri munthuyu akukubweza kwa ine."

Gunvor anamasula kansaluko. Pakona pake panali dzina lake, lopetedwa ndi ulusi wa malemu mayi ake. Anakagwira pachifuwa n'kuyang'ana kumdima wa kuchigwa kuja.

"Zikomo, bambo Aslak," anatero chapansipansi. "Ndamva tsopano."